Tsiku Limene Ndinatsuka Mabotolo a Vinyo

Amayi anga anandilera ndi lamulo lakuti chinthu chafumbi ndi chamanyazi. Mbale, nsapato, chishalo cha njinga, zonse zinkayenera kuwala, moti ndinakula ndili munthu wosatha kudutsa pa chinthu chakuda osachipukuta. Anthu amaliyamikira khalidwe limeneli. Ine linandipalamulitsa mlandu umene anausenza ndi munthu wina.

Ndinafika ku Joni chapakati pa zaka za m'ma 1990, mavoti aja atangochitika kumene kwathu ndi kumeneko komwe. Ndinalowa wopanda mapepala, ndipo kumudzi ku Machinga ndinasiya mkazi ali ndi pakati. Amene anandilandira anali amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali atakhala ku Joni zaka zoposa makumi awiri. Anayambira ku migodi, koma chifuwa chitayamba kuwavuta anapeza ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wina wachikulire ku Edenvale. Ndi iwowo amene anandipemphera ntchito yotchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa pakhomo pomwepo. Tinkagona chipinda chimodzi kuseri kwa galaja, iwo pabedi, ine pamatiresi pansi.

Bwanayo anali ndi kampani yonyamula katundu ku Jet Park, koma inkayendetsedwa ndi mwana wake. Mtima wonse wa bwanayo unali pa vinyo wofiira. Pansi pa nyumba panali chipinda chozizira chopanda windo, m'mene mabotolo ankagona cham'mbali m'mashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga. Chaka chilichonse ankagula makatoni kuchokera ku famu imodzi ya ku Kepi. Ambiri ankamwa chaka chomwecho, koma mabotolo angapo ankawakweza pa shelefu yapamwamba kuti akalambe. Makiyi a chipindacho anali awiri okha, wina wa bwana, wina wa amalume.

Apa ndiyenera kunena za amalume bwinobwino, chifukwa nkhani yonseyi ndi ya dzina lawo. Anali Msilamu wosasewera. Swala zisanu pa tsiku sizinkawaphonya, ndipo Lachisanu lililonse ankakwera takisi kupita ku Brakpan, kumene anthu akwathu anasandutsa galaja ina kukhala mzikiti. Woitanira anthu ku swala kumeneko anali iwo. Vinyo sanamulawepo ngakhale dontho, komabe mphuno yawo inali yoopsa. Bwana akatsegula botolo, amalume ankangonunkhiza chitsekerero chake, kenaka pakamwa pa botolo, n'kunena kuti, "Uyu wadwala, bwana," kapena, "Uyu adakali mwana, mukanamusiya agone." Ndipo zinkakhaladi choncho. Ku Brakpan kunali ena onyinyirika kuti munthu woitana azana azikhalira kugwira mabotolo a mowa. Amalume ankawayankha kuti amanyamula ndi manja, osati ndi mimba, ndipo a shehe ankaisiya nkhaniyo chifukwa panalibe amene sankadziwa kuti akunena zoona.

Nditagwira ntchito miyezi inayi, bwana analengeza kuti Loweruka la sabata yotsatira kubwera anzake kudzalawa vinyo. Ankafuna kutsegula mabotolo asanu ndi limodzi a ku famu ija, lililonse la chaka chake, lalikulu kwambiri la zaka pafupifupi makumi awiri, kuti aone mmene vinyo yemweyo amasinthira akamakula. Anauza amalume kuti chipinda chapansi chisesedwe, popeza alendo mwina adzafuna kutsikirako.

Linali Lachisanu, ndipo amalume anali atachedwa kale ku takisi. Anatulutsa kiyi m'thumba la mkanjo, n'kuima naye kanthawi m'manja.

"Mphwanga, uyu sindipatsa munthu," anatero. "Usese pansi basi. Pansi pokha, wamva?"

"Ndamva, amalume."

Ndinamvadi. Koma nditayatsa getsi m'chipindamo n'kuona mabotolo a pa shelefu yapamwamba, mtima unandiwawa. Fumbi lili mbuu, akangaude atamanga nyumba zawo, mapepala olembedwa dzina ndi chaka atachita mawanga akuda. Ndinadziuza kuti amalume akalamba, maso sakuonanso, ndipo alendo akaona zimenezi bwana achita manyazi. Kunena zoona ndinkafunanso kuyamikiridwa. Ndinkafuna bwana adziwe kuti mnyamata wa kapinga uja ali ndi maso.

Ndinatenga beseni lochapira, madzi ndi sopo waufa. Ndinatsitsa mabotolo asanu ndi limodzi amene anali atawapatula aja, ndipo poona kuti m'beseni mwatsala malo ndinawonjezera ena asanu ndi limodzi atsopano a pa shelefu yapansi, kuti zonse ziwalire pamodzi. Ndinawaviika kuti litsiro lifewe, ine n'kumasesa, ndikuimba kanyimbo kanga.

Nditabwerera ku beseni ndinapeza mapepala khumi ndi awiri akuyandama pamwamba pa thovu. Pansi pake panagona mabotolo khumi ndi awiri, obiriwira, oyera bwino, ofanana ndendende. Ndinawakweza ku getsi limodzilimodzi, ndinawatembenuza, ndinawagwedeza. Kwa ine onse anali madzi akuda m'galasi. Thukuta linandituluka m'chipinda chozizira chija.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene zimandichititsa manyazi kuposa kutsukako. Ndinaumitsa mapepala aja pakati pa nyuzipepala ndi simbi ya amayi ena ochapa pakhomopo. Ndinaphika kaphala ka ufa wa chinangwa umene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, monga tinkachitira pomata mabuku kusukulu, n'kumata pepala lililonse pa botolo limene dzanja lagwera. Kenaka ndinatapa fumbi lomwe ndinasesa lija n'kuwaza pa mabotolo amene ndinawakweza pamwamba. Munthu wowaza fumbi sanganene kuti sankadziwa kuti walakwa. Amalume atabwera ndinawabwezera kiyi, n'kuwauza kuti ndasesa pansi.

Lamulungu mwana wa bwana anabwera ndi anzake kudzawotcha nyama pa kapinga wanga uja. Anatsika ndi kiyi wa bambo ake n'kutenga mabotolo a pa shelefu yapansi, amene mapepala ake ankati ndi atsopano. Ndinawaona ndi maso angawa akuthira vinyoyo m'makapu apulasitiki, kuwonjezera ayisi ndi chakumwa chotsekemera chakuda chija, n'kumagugudiza akuseka. Mmodzi anati vinyo wa chaka chino akununkha ngati nsapato yakale. Pa nthawiyo sindinamvetse kuti nsapato yakaleyo ndiyo inali chuma cha bwana.

Loweruka m'mawa bwana anatsika yekha kukatenga mabotolo ake asanu ndi limodzi. Vinyo wokalamba samuthira m'tambula molunjika. Amayamba amutsanulira pang'onopang'ono m'jagi yagalasi, kandulo ikuyaka kuseri kwa khosi la botolo, kuti nsenga zikayamba kubwera asiye kuthira. Wogwira kandulo anali amalume, ine ndinkapukuta matambula pambali. Atafika pa botolo lalikulu lija, bwana anathira mpaka dontho lomaliza osaona nsenga iliyonse. Anadabwa pang'ono, koma anadzitonthoza kuti ndiye kuti lasungika bwino. Amalume anatola chitsekerero, kuchinunkhiza, kenaka ananyamula botolo lopanda kanthu lija n'kuyendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa pepala. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Ine ndinapitiriza kupukuta tambula imene inali itauma kale.

Alendo anafika masana, amuna anayi ndi mayi mmodzi wachikulire, woonda, amene ankati anakulira pa famu ya mphesa. Patebulo panali nsalu yoyera, ndipo pamaso pa aliyense panali matambula asanu ndi limodzi pamzere, buledi wouma, madzi, pensulo ndi pepala. Pakati panali kandowa kasiliva. Ntchito yanga inali kukataya zam'kandowako, chifukwa anthu amenewa sankameza. Ankapendeketsa tambula pamwamba pa nsalu kuti aone mtundu, kuizunguza, kulowetsamo mphuno yonse, kupsontha pang'ono, kukoka mpweya m'mano mwaphokoso, kuchukucha m'kamwa, n'kulavula. Ndikanakhala kuti mtima sunali m'mwamba ndikanaseka. Kwathu mwana wodya chonchi pamaso pa alendo amatulutsidwa panja.

Anayambira wamng'ono kumapita kwa wamkulu. Woyamba anamuvomereza onse kuti ndi mwana, akumanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, monga mmene ayenera kukhalira. Wachiwiri anakangana pang'ono, wina akuti wakula msanga, wina akuti chaka chimenecho kunali dzuwa lambiri. Wachitatu anamukonda kwambiri. Anatchula fodya wouma, chikopa, dothi la mvula yoyamba, ndipo bwana nkhope inawala. Ine ndinayamba kupuma. Ndinaganiza kuti mwina zonsezi n'zongoyerekeza, azungu akungowerenga chaka pa pepala n'kumapeka mawu.

Amuna aja akanatha kundipulumutsa. Pa tambula yachinayi mmodzi anayamba kale kuyamikira kuti vinyoyu sakukalamba, ali ndi mphamvu ngati mnyamata. Koma mayi uja anatenga tambula yachinayi, yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, n'kuzipendeketsa pa nsalu motsatizana. Anafotokoza mwaulemu kuti vinyo akakalamba m'mphepete mwake mumasanduka mtundu wa njerwa yowotcha, koma atatu awa adakali ngati madzi a mabulosi. Analawa aliyense, kulavula, kenaka anabwerera ku tambula yoyamba ija n'kulawanso.

"Pepani," anauza bwana. "Atatu awa ndi vinyo mmodzi, ndipo ndi yemweyu wa m'tambula yoyamba. Sanakwanitse zaka zitatu. Ndingaone mabotolo?"

Ndinawabweretsa ndine. Anakanda ngodya ya pepala ndi chikhadabo, ndipo linamatuka mosavuta. Ananunkhiza kuseri kwake n'kunena kuti ameneyu si guluu wa ku famu, ndi chinthu chophikidwa m'khitchini. Mmodzi wa amuna aja, wonenepa, amene mphindi zapitazo ankayamikira mphamvu ya mnyamata, ndiye anathamangira kumasulira. Anati nkhani yake ndi yodziwika: wantchito amamwa wakale, n'kusamutsa pepala kuliika pa botolo lotchipa. Bwana anati sizingatheke, wosunga kiyi wake ndi Msilamu, samwa. Wonenepa uja anaseka, n'kunena kuti osamwawo ndi amene amamwa wabwino.

Bwana anaitana amalume. Anaima pakhomo la chipinda chodyera, manja kumbuyo, atavala jekete yawo yoyera. Bwana akakwiya ankasiya Chingerezi n'kuyamba chilankhulo chosakaniza cha ku migodi, ndipo tsiku limenelo anayamba nacho. Anafunsa kuti vinyo wake ali kuti.

"Sindinamwe, bwana," anatero amalume. "Chibadwire mowa sunalowepo m'kamwa mwanga."

"Nanga kiyi unapatsa munthu wina?"

Ine ndinali nditaima pafupi ndi windo, kandowa ka malovu kali m'manja. Mawu anali okonzeka, ndipo anali ochepa. Ndikanangoti ndine, ndinatsuka, mapepala anamatuka. Koma ndinaona galimoto ya apolisi, ndinaona sitima yobweza anthu opanda mapepala, ndinaona mkazi wanga akubereka ine ndili chimanjamanja pakhonde la apongozi. Amalume anadikira. Sanandiyang'ane, koma ndikudziwa kuti ankadikira ine, chifukwa sanali munthu wochedwa kuyankha.

"Kiyi munapatsa ine, bwana," anatero pomaliza. "Za kiyi mufunse ine."

Bwana anati chifukwa cha zaka zonse zija saitana apolisi, koma pofika Lolemba asawaonenso pakhomo pake. Ndikhulupirira kuti vinyoyo anamuwawa pang'ono poyerekeza ndi kuganiza kuti munthu amene anamukhulupirira zaka zonsezi ankamuseka kumbali.

Alendo atapita, dzuwa lidakalipo, ndinapeza amalume akupinda zovala m'chipinda chathu. Ndinaima pakhomo ngati mlendo.

"Phala lija linali la chinangwa?" anafunsa osatembenuka.

"Inde, amalume."

"Ndinamva fungo lake. Mara unamata bwino, mphwanga. Limodzi lokha ndilo linapendama." Anaika mkeka wawo woswalira pamwamba pa zovala. "Fumbi lija ndinalisunga zaka khumi ndi zisanu. Inali ntchito yanganso imeneyo, kulisiya."

Ndinalira, ndipo ndinati mawa ndipita kwa bwana. Sanandiletse, sanandilimbikitsenso. Anangoti iwo ali ndi mapepala, ine ndilibe, ndipo mwana wa mlongo wawo ndi mwana wawo. Mawa lake ndinawanyamulira sutikesi mpaka pa takisi ya ku Brakpan, kumene mnzawo wina anawapatsa pogona. Pobwerera ndinadutsa pa khomo la bwana n'kupitirira kukatenga payipi yothirira.

Amayi ochapa aja anali a ku Chipata, ankabwera kudzachapa kawiri pa sabata, ndipo ankakhala ku Brakpan komweko. Sanali munthu woipa, koma nkhani sinkagona m'kamwa mwawo. Pofika Lachisanu mzikiti wonse unali utamva kuti amalume achotsedwa ntchito chifukwa chomwa vinyo wa mzungu, ndipo osati dzulo lokha, koma zaka ndi zaka. Onyinyirika aja anapeza tsiku lawo. Swala itatha a shehe anapempha kuti amuna atsale, n'kufunsa amalume pamaso pa onse.

"Akulu, anthu akulankhula. Tiuzeni inu."

"A shehe, sindinamwe."

"Ifenso sitikufuna kukhulupirira. Koma mapepala a pa mabotolo sayenda okha. Ngati si inu, ndani?"

"Mulungu akudziwa."

Ine ndinali pa mzere wachitatu, nditapinda miyendo, ndikuyang'ana ulusi wa kapeti. Pano panalibe mzungu, panalibe wapolisi. Panali anthu akwathu okhaokha, ambiri opanda mapepala ngati ine, amene akanaseka nkhani ya beseni mpaka misozi, n'kundipatsa dzina lachipongwe, basi. Chimene chinanditseka pakamwa chinali china. Lachitatu la sabata yomweyo bwana anali atandiitana n'kundipatsa jekete yoyera ndi kiyi. Ndinadziwa kuti zimene ndinganene mu mzikiti zikafika ku Edenvale pa tsiku lochapa. Kukhala chete kwa tsiku loyamba ndimatha kukutcha mantha. Kwa tsiku ili kunali dyera, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndi dyera.

A shehe anagamula mofatsa kuti mpaka nkhaniyi itayera, azana aziitana munthu wina. Amalume anavomera ndi mutu. Potuluka anavala nsapato zawo pambali panga n'kundifunsa ngati kwabwera uthenga wa mwana kuchokera kwathu.

Bwana anati waphunzirapo kanthu: safunanso wosunga vinyo amene amati samwa, akufuna wolawa poyera, pamaso pake. Anandifunsa ngati chipembedzo changa chingandilole. Ndinati kulawa n'kulavula si kumwa. Anandiphunzitsa yekha, masana aliwonse a Loweruka, matambula awiri kapena atatu pa nsalu yoyera. Ndinaphunzira kuti chaka cha mvula yambiri chimapereka vinyo wopyapyala, chaka cha dzuwa wonenepa ndi wotentha pakhosi. Ndinaphunzira kusiyanitsa wokalamba bwino ndi wongotopa, ndi kudziwa amene ayenera kudikira zaka zina zisanu. Lilime langa linali labwino, bwana ankanyadira nalo kwa anzake, ndipo ngakhale mayi woonda uja tsiku lina anandivomereza pa botolo limene amuna onse analiphonya. Miyezi ingapo yoyamba ndinkalavuladi. Kenaka ndinayamba kumeza.

Amalume sanapezenso ntchito ya m'nyumba, popeza analibe kalata ya bwana wawo wakale. Anayesa kulondera pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Jet Park, koma kuzizira kwa mwezi wa Juni kunadzutsa chifuwa chija. Chaka chisanathe anabwerera kumudzi, ndipo nkhani inali itawatsogolera kale, chifukwa majoni sabwera ndi mabulangete okha. Ndinkawatumizira mankhwala ndi zovala. Ankayankha ndi makalata afupiafupi, othokoza, ofunsa za mwana wanga, opanda liwu limodzi la mabotolo. Ine ndinkati ndidzakonza zonse ndikadzapita ndekha, pakamwa ndi pakamwa, osati pa kalata. Anamwalira ndisanapite.

Ndinafika kumudzi pa sadaka yawo ya masiku makumi anayi. Anthu anabwera, koma osati mmene akanabwerera kwa munthu ngati iwo. Mpunga utadyedwa, alendo atabalalika, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene ankatsuka miphika. Anali ataonda ndi maliro. Ndinakhala pa mtondo wogona pafupi nawo, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti ndinena tsiku limenelo.

Anayamba ndi iwo. Anati achimwene awo anali munthu wolungama kuyambira ali mwana, moti bambo awo ankawatchula akafuna kuchititsa manyazi ana ena. Anati atabwera kuchokera ku Joni anawafunsa katatu ngati zimene anthu akunena n'zoona, ndipo katatu konse anangoyankha kuti sanamwe, osafotokoza china chilichonse.

"Munthu wosalakwa amafotokoza," anatero amayi. "Ndinawasamalira mpaka tsiku lomaliza, koma mumtima sindinawakhululukire bodza limenelo. Akanangovomera kwa ine, mlongo wawo."

Anapukuta manja pa chitenje n'kundigwira bondo.

"Iwe uli pa ntchito yomwe ija. Ndimakupempherera tsiku lililonse. Usadzatichititse manyazi ngati amalume ako."

Ndinawayang'ana amayi anga, ndipo ndinati, "Ndamva, amayi."